Don Casimiro ndi Sitima ya Lachinayi

Ku Pompeya kuno, kumwera kwa mzinda wa Buenos Aires, munthu ukadwala unali ndi njira ziwiri: kupita kuchipatala kapena kupita kwa Don Casimiro. Kuchipatala ankakupatsa mapiritsi. Don Casimiro ankakupatsa filimu ya tango, gule wathu wovina awiriawiri, mwamuna ndi mkazi. Likhale dzino, chikhale chimfine, ukhale ukwati wogwedera, mkuluyo ankangokuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, n'kutchula filimu yoti ukaonere. Ndipo chodabwitsa, chimene mwana aliyense wa m'dera lino ankachidziwa asanaphunzire n'komwe kumanga zingwe za nsapato, n'chakuti dokotala wathuyu anali asanaonepo mapeto a filimu ngakhale imodzi.

Sichinali chibwana ayi, inali ntchito. Kuyambira ali mnyamata wopanda ndevu mpaka imvi zili mbuu, Don Casimiro ankagwira ntchito ku Lucero, nyumba ya kanema ya m'dera lathu. Ankavala jekete yofiira ya mabatani onyezimira, tochi ili m'manja, kulondolera anthu pa mipando yawo mumdima. Lamulo la pantchitopo linali lakuti anthu asanadzuke, zitseko zakunja zikhale zitatsegulidwa kale. Choncho filimu ikafika pokoma penipeni, mpeni uli m'mwamba kapena mkazi ali pakhomo ndi sutikesi, iwo ankatembenuka n'kupita kuzitseko. Filimu ankaiona mpaka kuiloweza ngati pemphero, koma mchira wake osaudziwa. Anthu ankati ngakhale dzina lawo linawalosera, poti m'chilankhulo chathu ukalitchula pang'onopang'ono, Casi-miro, limamveka ngati ukunena kuti "ndatsala pang'ono kuona."

Lucero itatsekedwa n'kusanduka galaja yokonzera magalimoto, mkuluyo sanalire nthawi yaitali. Anangosamutsira chipatala chawo patebulo la pazenera m'kantini ya Nélida. Nélida anali mayi wa pakamwa pakuthwa koma wa mtima wosachedwa kusungunuka, ndipo kantiniyo ankayendetsa ndi mwamuna wake Tulio, amene iye ankangomutchula kuti Chimimba. M'mawa uliwonse ankaikira Don Casimiro khofi ndi timabanzi tokhota ngati mwezi, n'kudandaula mokweza kuti tebulo labwino lonse likungothera munthu mmodzi. Koma tsiku limene mkuluyo wachedwa, Nélida yemweyo ndiye ankatuluka kukasuzumira kumsewu.

Tsiku lina kunabwera Gaspar wometa tsitsi, atagwira tsaya.

"Don Casimiro, dzino landisowetsa tulo."

"Lam'mwamba kapena lam'munsi?"

"Lam'munsi."

"Lam'munsi mankhwala ake ndi filimu ya woimba uja anasiya mayi ake okha n'kupita kukatchuka kunja. Likanakhala lam'mwamba ndikanakupatsa ya mpikisano wa mahatchi."

"Nanga ndikaionere kuti? Ku Lucero akupaka magalimoto girisi."

"Khala pansi, iwe. Nélida, mwana wanga, tasuntha matebulowa."

"Ayambanso," anatero Nélida, koma matebulo anasuntha.

Apa mpamene panali pokoma. Popeza mafilimu akalewo analibenso kokawaonera, Don Casimiro ankawasewera okha, anthu onse a m'filimumo. Ankakhala woimba, mayi wa woimba, chidakwa cha pakona, mvula, ngakhale galu. Pofuna mkazi wovina naye ankatenga chimtengo chopachikapo zipewa, n'kuchikumbatira mwaulemu ngati mwana wa eni. Nyimbo ankaimbanso. Akuluakulu amati ukaipa dziwa nyimbo, ndiye poti Don Casimiro nkhope inali bwino ndithu, nyimbo sanavutike nazo. Mawu awo ankachita ngati geti losowa mafuta, koma palibe ankaseka, chifukwa pofika pamenepo aliyense anali atameza kale mbedza.

Filimu ya Gaspar inafika pachimake. Mayi uja ali pabedi, mpweya ukutha. Mwana watsika sitima, akuthamanga, akukwera masitepe, dzanja lagwira chitseko. Don Casimiro anaima. Anakonza jekete, anayenda mpaka pakhomo la kantini, n'kulitsegula lonse.

"Muyende bwino. Samalani sitepe."

"Ndiye wawapeza amoyo mayi akewo?" anafunsa Gaspar, maso ali tong'o.

"Dzino lili bwanji?"

"Dzino lisiyeni! Mayiwo bwanji?"

"Wachira ameneyu. Wotsatira."

Gaspar anazungulira Pompeya yense kufunsa nkhalamba iliyonse za mayi aja, ndipo aliyense amene anabwera kudzameta sabata imeneyo anachoka ndi tsitsi lokhota. Dzino anakachotsa ndithu pambuyo pake, koma mpaka lero amalumbira kuti filimuyo inathandiza.

Wina amene anagwa m'mbuna yomweyo anali dalaivala wa basi yodutsa pamsewu wathu. Anaimika basi pazenera, injini ikulira, n'kufuula kuti amuuze msangamsanga filimu yabwino yoonetsa apongozi ovuta. Don Casimiro sankadziwa mawu akuti msangamsanga. Akuti anthu a m'basimo anakafika kuntchito anzawo akudya nkhomaliro, ndipo palibe anadandaula kupatula mayi mmodzi amene anakwiya chifukwa basi inanyamuka asanamve ngati apongoziwo anakhululuka.

Koma musaganize kuti filimu iliyonse inali mankhwala. Mkuluyo anali ndi malamulo ake okhwima.

"Filimu yabwino ya tango imaonetsa mapazi," ankatero, chala chili m'mwamba. "Ukaona akungokuonetsa mano a wovina, dziwa kuti mapaziwo ndi obwereka."

Mafilimu opangidwa kunja ndiye ankawanyansa zedi.

"Munthu duwa lili kukamwa, akuti akuvina. Ndi mbuzi? Mwendo m'mwamba ngati akulumpha mpanda wa eni atagwidwa ndi mwini mkazi! Tango ndi kuyenda basi. Anthu awiri kuyenda pamodzi, wina osaponda mnzake. Yesani muone ngati n'zophweka."

Pa mankhwala awo onse panali amodzi amene sankapereka wambawamba. Filimuyo inali *Sitima ya Lachinayi*, ndipo ankaisungira maukwati amene afika pa mtsinje wodzaza. Nélida ankaidziwa bwino, chifukwa nayenso anamwapo.

Zinachitika kale, Lucero isanatsekedwe, iye ndi Tulio atangokwatirana kumene. Kudansi kwathu kuno mwamuna sapempha gule ndi pakamwa. Amayang'ana mkazi ali kutali n'kugwedeza mutu pang'ono, mkaziyo akavomera ndi maso amakumana pabwalo. Tulio maso ake anali ofooka chibadwire, koma magalasi ankawasiya kunyumba pofuna kuoneka mnyamata. Lamlungu lina anagwedezera mutu diresi yobiriwira, poyesa ndi mkazi wake. Amene anadzuka anali mayi wina wamasiye wa mafuta onunkhira mpaka kumsewu. Tulio anazindikira ndi mphuno atamukumbatira kale, ndipo poti mwambo sulola kusiya mkazi pakati pa bwalo, anavina naye nyimbo zonse za ulendo umenewo, Nélida akuonerera.

Kuyambira tsiku limenelo Nélida anasiya kulankhula naye. Uthenga wonse unkadzera kwa mphaka wawo.

"Uwauze abwana ako kuti supu akuzizira," ankauza mphaka. "Ngati sakumuona, aitane amasiye adzawalozere."

Mphaka ananenepa ndi mauthenga, koma ukwati unkaonda. Nélida anali atayamba kale kulongedza timalaya take pamene Don Casimiro anawaimitsa pamsewu, wina ali tsidya lino wina tsidya linalo.

"*Sitima ya Lachinayi*. Loweruka masana. Mukhale mzere wakumbuyo, ndipo mutenge mpango umodzi wokha."

"Umodzi bwanji?" anafunsa Nélida.

"Wodwala safunsa dokotala."

Filimuyo inali ya mtsikana wosoka zovala ndi mnyamata wonyamula katundu padoko, ovina bwino kuposa onse m'dera lawo. Anayambana pa kanthu kosanunkha kanthu. Mtsikanayo mwaukali anakwera sitima ya pamadzi kupita kwawo kwa makolo ake kutsidya kwa nyanja, koma sitimayo ikunyamuka anafuula kuti adzabwera pa sitima ya Lachinayi. Mnyamatayo Lachinayi lililonse ankapukuta nsapato zake zovinira n'kupita kudoko. Pamenepo mpamene Don Casimiro ankadzukira kupita kuzitseko, hutala ya sitima ikulira, mnyamata akukonza kolala.

Zimene zinkatsatira ankaziona ena onse. Mkazi uja sankabwera. Zaka zinkadutsa, mnyamata n'kusanduka nkhalamba, n'kumavina yekha padoko manja atakumbatira mphepo, filimu n'kutha. Nélida ndi Tulio analira mpaka kulimbirana mpango uja, ndipo potuluka anali atagwirana ngati wina akufuna kuba mnzake. Pakhomo anapeza Don Casimiro ataima, nkhope ili ngwee.

"Mtsikana uja wabwera eti?"

Nélida anayang'ana maso aja, osangalala ngati a mwana. Pakamwa panayankha pokha.

"Wabwera, Don Casimiro."

"Ndinadziwa! Muyende bwino."

Pambuyo pake Nélida anamva kuti sanali yekha. Pompeya yense ankanama bodza lomwelo. Aliyense wotuluka mu filimu imeneyo ankafunsidwa, ndipo aliyense ankayankha kuti wabwera. Ena ankathiranso ndi mchere, akuti wabwera ndi chipewa chachikulu, akuti wabwera ndi mphatso. Chifukwa chake chinalipo. Don Casimiro sanakwatirepo, ndipo manong'onong'o ankati ali mnyamata anali ndi bwenzi lawo dzina lake Delfina, amene anakwera sitima kupita kutsidya osabweranso. Aliyense ankakhulupirira kuti chimene chinkaimiritsa nkhalambayo chilili, n'kumaiseketsa m'mawa uliwonse, chinali chikhulupiriro chakuti penapake, ngakhale mu filimu mokha, mkazi amabwera. Kuwauza zoona kukanakhala ngati kumulanda ndodo munthu wolumala mwendo.

Bodzalo linakhala mwamtendere zaka zambirimbiri, mpaka kunabwera Ofelia.

Ofelia anali mchemwali wake wa Tulio, amene anasamukira kuno mwamuna wake atamwalira. Anali mayi wa mtima wabwino woopsa, wa mtundu uja woti akaganiza zokuchitira zabwino, thawa. Asanathe mwezi anali atalowa kale m'komiti ya kalabu ya m'dera lathu. Atamva kuti Don Casimiro akukwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu, anafufuza mpaka anaipeza *Sitima ya Lachinayi* kwa munthu wina wosunga mafilimu akale, anabwereka makina oonetsera, n'kumata mapepala pa mitengo yonse ya magetsi. Pamapepalapo analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti tsiku limenelo Don Casimiro adzakhala mlendo wolemekezeka, ndipo kwa nthawi yoyamba adzaonera mpaka kumapeto.

Nélida atawerenga, anasiya zonse zimene ankachita. Anathamangira kwa mlamu wakeyo epuloni ili m'chiuno.

"Alamu, mwatipha. Mkazi uja sabwera."

"Ndikudziwa, ndaionera dzulo. Ndalira mpaka mutu."

"Ndiye mukufuna nkhalamba ija ione zimenezo? Ife tonse takhala tikuiuza kuti amabwera."

"Ee? Munthu wamkulu ngati uja mukumunamiza ngati mwana wakhanda? Manyazi mulibe? Wagwira zitseko moyo wake wonse kuti ena aone. Aone nayenso. Ndi ufulu wake."

Chowawa chinali chakuti Ofelia ankanena zomveka. Nélida anabwerera kukantini mutu uli wolemera, n'kukayesa mbali ina.

"Don Casimiro, simukuoneka bwino masiku ano. Mwina Lamlungu mungopuma."

"Ine? Ndili ngati hatchi. Jekete ndapereka kale kochapa."

"Mipando ya kukalabu ndi yolimba. Msana wanu uja."

"Ofelia akubweretsa mpando wa kunyumba kwake. Mwana wanga, zaka zonsezi ndakhala ndikufuna ndione diresi imene wavala potsika sitima. Ena amati yoyera, ena amati ya maluwa. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndikadzionere ndekha."

Nélida analowa kukhitchini n'kukayamba kudula anyezi amene sankafunika, kuti pakhale chonamizira.

Masana amenewo, kantini ili zii, anaitanitsa msonkhano wa anthu atatu: iye, Tulio ndi Gaspar.

"Gaspar, hutala ya sitima ikalira, iwe ukomoke. Ugwe ndi mpando womwe, anthu asokonezeke."

"Ndigwere mbali iti? Phewa lamanjali ndi lometera."

"Gwera kulikonse. Zikakanika, Chimimba, uzule pulagi ya makina. Tidzati magetsi azima."

"Za magetsi ndisiyire ine, mayi," anatero Tulio, akudzigunda pamtima.

"Ndipo uvale magalasi."

"Ndavala kale mumtima."

Lamlungu masana holo ya kalabu inadzaza mpaka ena kukhala pansi. Mazenera anawatchinga ndi mabulangete. Kumbuyo kunali fuliji yodzaza ndi mowa ndi keke ya mlendo wolemekezeka. Don Casimiro analowa atavala jekete yofiira ija, mabatani akuwala, ndipo anthu anaimirira kuwaombera m'manja. Mwachizolowezi anayamba kulondolera anthu pa mipando, mpaka Ofelia anawagwira mkono n'kukawakhazika kutsogolo, pa chimpando chawofuwofu chimene munthu wa mawondo okalamba akalowamo satulukamo popanda thandizo la boma. Nélida anakhala pambali pawo, Gaspar kumbuyo kwake.

Filimu inayamba. Don Casimiro ankanena mawu onse osewera asanawanene, n'kumagunda Nélida ndi chigongono.

"Taona phazi ilo. Waona? Salinyamula, amalisisita pansi. Amenewo ndi mapazi ake enieni."

Nélida sankaona phazi lililonse. Mtsikana anakwera sitima. Mnyamata anapukuta nsapato. Anafika kudoko, anakonza kolala, ndipo hutala inalira.

Palibe anakomoka.

Nélida anatembenuka. Gaspar anali atatsamira kutsogolo, misozi ili chuchuchu mpaka m'ndevu. Anamutsina pabondo.

"Komoka, iwe!"

"Dikirani kaye, mayi," ananong'ona Gaspar. "Mwina lero abwera."

Nélida anakweza dzanja kupereka chizindikiro kwa Tulio. Kumbuyo kunamveka kukhwekhwereza, kenako kugwa kwa botolo, kenako phokoso la fuliji linaleka. Filimu inapitirira bwinobwino. Magalasi a Tulio anali kunyumba, pamwamba pa kabati.

Nthawi yomweyo thupi la Don Casimiro linakumbuka ntchito yake. Manja anagwira m'mbali mwa mpando, mutu unatembenukira kukhomo, anayesa kudzuka. Ofelia anawaika dzanja paphewa.

"Lero zitseko zili ndi eni ake, Don Casimiro. Khalani."

Anakhala. Nélida anasowa chochita china, anangogwira dzanja lawo lozizira n'kulifinya. Pansalu paja anthu anatsika sitima, mabanja anakumbatirana, doko linatsala lopanda munthu. Linabwera Lachinayi lina, ndi linanso. Tsitsi la mnyamata uja linayera. Potsiriza anakweza manja, anakumbatira munthu amene panalibe, n'kuyamba kuvina pang'onopang'ono pamatabwa onyowa. Nyimbo inatha. Wina anachotsa bulangete pazenera, dzuwa n'kulowa.

Anthu ankayang'ana nsapato zawo. Panali ophika buledi, oyendetsa mabasi, agogo ndi adzukulu awo, onse abodza, onse ogwidwa tsiku limodzi.

Don Casimiro anatulutsa mpango, anapukuta m'maso mosafulumira, anamina mwamphamvu.

"Phazi lamanzere," anatero. "Mwaona mmene walikokera pomaliza? Zaka zonsezi palibe ngakhale mmodzi anandiuza za phazi limenelo. Mumaonera chiyani anthu inu?"

"Don Casimiro, mutikhululukire," anatero Nélida. "Tinakunamizani. Ine ndemwe ndinakunamizani."

"Unanama bwino, mwana wanga. Ena ankawonjeza mpaka chipewa."

"Ndiye kuti... mumadziwa?"

"Iwe, ine ndinkaima pakhomo. Unaonapo anthu akuchokera kolandira mlendo maso atatupa ngati alumidwa ndi njuchi? Sabata yoyamba yomwe ndinadziwa kuti mtsikana ameneyu sabwera."

"Nanga munkafunsiranji?"

"Dokotala sayeza wodwala asanamutulutse? Iwe ndi Tulio munalowa muja pakati panu pangadutse basi. Potuluka munali munthu mmodzi wa miyendo inayi. Koma zimenezo zimatha kunama, ena amagwirana chifukwa cha mdima. Ndiye ndinkafunsa. Munthu amene mtima wake wafewa mpaka kumvera chisoni kankhalamba ka pakhomo n'kukanamiza, ameneyo wachira, kunyumba akakhululuka. Mmodzi yekha anandiyankha kuti, 'Sanabwere, mdala, ndipo wachita bwino.' Ukwati umenewo sunafike Khirisimasi."

Wina kumbuyo anaphulika kuseka, ndipo holo yonse inatsatira, kuseka kosakanikirana ndi mamina. Nélida sanaseke. Anali asanamalize.

"Nanga diresi? Mwandidulitsa anyezi tsiku lonse chifukwa cha diresi!"

"Pamenepo ndinkangofuna ndione ngati ukadali wochira."

"Nanga Delfina?"

"Delfina watani?"

"Amene anapita pa sitima. Amene mwakhala mukumudikira."

"Sitima? Delfina anapita pa basi! Anakwatiwa ndi wogulitsa masoseji ku Barracas, dera lapafupi pompa, anabereka ana asanu ndi awiri, onse ofanana ndi masoseji. Ndinkakumana naye pamsika. Ndani anamukweza sitima?"

Aliyense analoza mnzake. Gaspar anati anamva kwa malemu amayi ake. Tulio, amene anali atangofika kutsogolo pulagi ya fuliji ili m'manja, anafunsa ngati zayenda bwino, ndipo Nélida anamuyang'ana mwa mtundu woti mphaka akanakhala moyo akanayambanso ntchito.

Koma phokoso litachepa, anthu akuthamangira kukapulumutsa keke, Don Casimiro anakokera Nélida pafupi n'kulankhula motsitsa.

"Kudziwa n'kwina, kuona n'kwina, mwana wanga. Mnyamata uja ndakhala naye zaka zambiri. Ndinkamusiya akukonza kolala, ali ndi chiyembekezo, ine n'kupita kuzitseko. Lero ndamuona atakalamba. Zandipweteka, sindinama." Anapumira m'mwamba. "Koma wavina. Zimenezo sindinkazidziwa. Ndinkayesa amangokhala pansi."

Atatero anakweza mutu, anamuyang'ana Nélida m'maso ngati ali tsidya lina la holo, n'kugwedeza mutu pang'ono. Panafunika Tulio ndi Gaspar kuti awazule mu chimpando chija. Wina anaika nyimbo, mipando inakankhidwira kukhoma, ndipo Don Casimiro, amene Pompeya yense anali atangowaonapo akuvina ndi chopachikapo zipewa, anavina ndi Nélida. Sananyamule mwendo, sanazungulire modzionetsa. Anangoyenda naye, pang'onopang'ono, mpaka nyimbo inatha, ndipo sanamuponde ngakhale kamodzi. Mowa unali wofunda tsiku limenelo, keke itaphwera mbali imodzi, koma Ofelia mpaka lero amati phwando lonselo linali nzeru zake, ndipo palibe angamutsutse.

Don Casimiro anatisiya nyengo yozizira yotsatira. Anagona bwinobwino osadzukanso, ndipo kumaliro kwawo kunabwera mabanja ambiri okalamba, ogwirana manja, ena ochokera kutali amene ife sitinkawadziwa n'komwe.

Pompeya akadalipo. Mabasi amafika pa nthawi yake tsopano, ndipo matebulo a m'kantini amakhala pamene aikidwa. Amene dzino lamuwawa amapita kochotsa. Amene ayambana amayambana basi, ena amagwirizana, ena ayi, ndipo Nélida akawaona akudutsa pazenera, wina kutsogolo wina kumbuyo, amasowa kowatumiza. Amanena yekha mosabisa kuti amawasowa mkuluyo, ndipo kuti sankadziwa kuti malo angakhale odzaza ndi anthu koma n'kukhala opanda phokoso.

Mwezi wathawu kunalowa alendo awiri achinyamata ochokera kunja, mwamuna ndi mkazi, zikwama kumsana. Anaitanitsa khofi. Mtsikanayo, m'chilankhulo chathu chothyokathyoka, anafunsa ngati pali amene angawauze mafilimu abwino a tango oti akaonere. Kantini yonse inatembenuka. Nélida anaima ndi nsalu yopukutira m'manja.

Tulio anakonza kukhosi, anatchula mafilimu atatu abwino ndithu, n'kuuza mtsikanayo kalembedwe kake. Mtsikanayo analemba pafoni, anathokoza mwaulemu, ndipo awiriwo ananyamula zikwama zawo n'kutuluka. Khofi anamusiya theka, akufukabe nthunzi.

Nélida anapita kukachotsa makapuwo, koma anangoima patebulopo osawagwira.

"Ndalakwitsa chiyani, mayi?" anafunsa Tulio. "Si mafilimu abwino amenewo?"

"Ndi abwino, Chimimba."

"Nanga ukuliranji?"

"Palibe chimene walakwa," anatero Nélida. "Wangoyankha zimene anafunsa."